Yunifolomu ya Ahedi yakwana

Bambo, lero zakwana zaka ziwiri chitisiyireni. Chaka chatha tinalemba misozi yokhayokha. Ulendo uno tabwera ndi nkhani yabwino: Ahedi anu abwerera kusukulu.

Dzinali munampatsa ndinu chitsiriza wanuyu, poti ankandandalika mipando ya m'shopu n'kumaiphunzitsa ndi choko chanu cholembera pansalu. Atampeza ndi chotupa mu ubongo, anamuchita opaleshoni. Inu munalowa m'wodi tepi ili m'khosi, n'kuyamba kumuyeza mwana ali gone, mutu wonse mabandeji. Amayi anakalipa kuti mukumuyeza ngati opala mabokosi. Munangoseka kuseka kwanu kwa m'mphuno kuja, n'kunena kuti ndi yunifolomu. Munaisoka yaikulu dala, mpindiro wake chikhatho chathunthu, pamene madokotala anali asanatilonjeze ngakhale mwezi umodzi. Munkati telala wanzeru amasiyira mwana pokulira.

Ndani ankadziwa kuti mtima wotopa unali wanu? Munapita iye asanayambenso kuyenda.

Waphunziranso kugwira pensulo. Dzanja lamanzere likadali laulesi, mawu ena amamuthawa, koma pakamwa m'pomwe paja, sitipuma naye. Mwezi watha adokotala anamuunika n'kunena kuti m'mutu mulibenso kanthu. Mlongo wake anati izo ankazidziwa kalekale, ndipo analandira chibakera cha dzanja lamanja. Tinaseka mpaka misozi, koyamba m'nyumba muno.

Lolemba amayi anatulutsa yunifolomu ija m'sutikesi. Inafupika, Bambo! Anakhala pamakina anu, amene chipitireni inu anali asanawavundukule, n'kumasula mpindiro uja. Nsalu imene munapindiramo inakwana ndendende. Ahedi anadziyang'ana pagalasi, chipewa chobisira chipsera n'kuchisiya patebulo. Anzawo akale ali makalasi awiri patsogolo, ndipo tinkaopa kuti akafika pageti abwerera. Sanacheuke n'komwe. Amene tinatsala titagwira mpanda ndife.

Amayi amakusowani tsiku lililonse, makamaka singano ikawavuta kulowetsa ulusi. Azakhali sakhala kutchula dzina lanu osapukuta m'maso. Mlongo wake uja, mwana wanu wamwamuna, wasunga tepi ija, sabwereketsa. Ine woyamba wanu, mtima wakhala pansi tsopano, koma ndikanakonda mukanaima nafe pageti paja.

Sitidzakuiwalani, Bambo. Munayeza bwino.