Ndinawauza za Sanda Yanu

Balaka
17 Febuluwale 2002

Achemwali anga Abiti Sabiti,

Salamu alaikumu. Ndiyambe ndafunsa za moyo wanu. Miyendo ija yaphwa kodi, kapena ikutupabe? Nanga adzukulu atatu aja akudzuka bwanji? Ine kuno ndilipo, Mulungu akundisungabe, kungoti chifuwa sichikundisiya ndipo maso atopa.

Kalata ino ndikulemba ndekha, ndi zilembo zimene ndinatola ku sukulu ya kwacha nditamera kale imvi. Lero ndi tsiku lachitatu ndili nayo. Iwe Dalesi, ukamawawerengera amayi akowa mukhale awiri basi, ndipo usadumphe mzere ngakhale ukuwawe.

Kuno ku Balaka sikuli bwino iyayi. Ku chigayo kumene ndimasoka matumba, makina amalira kamodzi m'mawa, kenako zii mpaka dzuwa kulowa. Azimayi amabwera ndi timbale kudzasesa gaga wogwa pansi. Pa siteshoni padzaza anthu a kwa Nsamala, ena atasenza zitseko za nyumba zawo kufuna wogula. Idi ili pafupi koma palibe amene akutchula za mbuzi.

Tsopano ndinene chimene ndalembera. Ndinena pang'onopang'ono, monga zinachitikira.

Amalonda ena a pa mzikiti wathu kuno anasonkha chimanga. Anati amene ali ndi m'bale wovutika kumudzi abweretse kalata, komiti isankhe, poti matumba ndi ochepa. Ine ndinaganiza za inu. Ndinapita kwa a Wadson, aphunzitsi opuma ntchito amene amalembera anthu makalata pansi pa mtengo pafupi ndi positi.

Ndinawauza alembe kuti mlongo wanga ndi wamasiye, ali ndi njala yoopsa, chonde mumuthandize. Iwo cholembera sanachigwire n'komwe. Anati mawu amenewo awalemba kambirimbiri sabata yomweyo, ndipo wowerenga akafika pa kalata yachisanu yonena za njala, maso amangodutsa, mtima osamva kanthu. Anati chaka chino njala ndi ya aliyense. Iwo amafuna chinthu chimodzi chimene chili cha inu nokha, choti munthu achione ali khale pampando.

Ndinatchula mbuzi zimene munagulitsa. Anati aliyense wagulitsa mbuzi. Ndinatchula nyika zimene mukudya, mizu ija yokumba m'madzi ku nyanja ya Chiuta. Anati zimenezo alembako, koma n'zosakwanira. Ndiye anangotchera khutu n'kumandiyang'ana. Mukundidziwa ine, achemwali, munthu akanditchera khutu pakamwa panga sipatsekeka. Ndinawauza za sanda yanu.

Ndinanena zonse. Kuti nsalu yoyerayo munagula chaka chimene alamu anatisiya, n'cholinga choti tsiku lanu likadzafika musadzavutitse munthu. Kuti inkakhala pansi penipeni m'bokosi lachitsulo, ndipo mvula ikatha munkaiyanika kuseri kwa nyumba kuti isadye njenjete. Kuti mwezi wathawu munaibisa m'chitenje n'kukasinthanitsa ndi ndowa ya gaga ku Nsanama. Zimenezi munandiuza ine ndekha tsiku lija ndinabwera, ndipo ndinalonjeza kuti zithera m'mimba mwanga. Sindibisa, pamene ndinaona a Wadson atasiya kuphethira, ndinamva kukoma kuti nkhani ndikuifotokoza bwino. Pamenepo ndiye pali tchimo langa.

Mmene analembera, ine sindinaonepo. Mawu akuti chonde anachotsa. Akuti wosauka anachotsa. Ziganizo anazidula zifupizifupi, ngati munthu wolankhula mpweya ukumuthera. Poyamba sandayo anaiika kumayambiriro, kenako anawerenga mokweza kawiri, akumvetsera pamene mawu awo akutsamwira, n'kung'amba pepala. Anati chinthu cholemera chimakhala kumapeto, kuti munthu anyamuke nacho. Kalatayo inatha motere, ndaisunga m'mutu:

“Anaiyanika chaka ndi chaka, zaka khumi ndi chimodzi. Mwezi watha anaipinda komaliza. Adzukulu ake anadya masiku asanu ndi limodzi.”

Basi, n'kusaina. Ndinawafunsa kuti nanga pempho lili pati. Anati ukamupempha munthu amatha kukana, koma ukamusiya kuti amalize yekha mumtima, amadzipempha yekha.

Palinso ichi, Dalesi mwana wa mlongo wanga. Iwe m'kalatamo mulibe. Ndinawauza kuti alipo mwana wamkazi amene amayenda mpaka ku nyanja kukakumba nyika, koma anati wowerenga akamva kuti pali mwana, mtima wake umakhala pansi. Ndiye anakusiya. Womva angayese amayi ako alibe wowayang'anira. Ine ndinalipo ndipo ndinavomera. Undikhululukire.

Ine ndimayesa kalatayo aiwerenga anthu atatu m'chipinda. Koma Lachisanu titatha kuswali, wapampando wa komiti anaimirira pakhonde la mzikiti n'kunena kuti pali kalata imodzi yoti aliyense amve. Anawerenga yonse, dzina lanu ndi la mudzi wathu momwemo. Atafika pa sandapo panalibe ngakhale wotsokomola. Akuluakulu ena anaweramitsa mitu, wina anavula chisoti n'kupukutira maso. Amalonda amene anali asanapereke anapereka tsiku lomwelo. Ine ndinali kumbuyo, ndikulakalaka nthaka itang'ambika. Che Hamisi, ogula nsomba ku Chiuta aja, analipo. Iwo amadutsa pa Nsanama sabata iliyonse, choncho mwina nkhaniyi yafika kale kumeneko kalata ino isanafike.

Dzina lanu lalembedwa poyamba penipeni. Koma a Japhet, oyandikana nanu nyumba, kalata yawo ndinapereka ndine ndemwe tsiku limodzi ndi yanu. Analemba okha, monena zoona zokhazokha, kuti tili ndi njala, tithandizeni. Sanasankhidwe. Chikhalirecho pakhomo pawo aika kale mwana m'manda mwezi uno. Zimenezi zikundilemera kuposa matumba a ku chigayo.

Ndinabwereranso kwa a Wadson ndili wokwiya. Anandipatsa mpando, natenga pepala lina la kalata yomweyo limene anasunga n'kundiuza kuti ndiloze pamene pali bodza. Ndinayang'ana, bodza panalibe. Anati iwo ntchito yawo n'kusanja mawu kuti agwire munthu, ndipo agwira, koma chinsinsi anabweretsa ndine. Ndinabwerako ngati munthu amene wavula mlongo wake pamsika.

Pempho langa ndi limodzi. Lachiwiri pa 26 mwezi uno galimoto ya chimangacho idzafika pa mzikiti wa ku Nsanama m'mawa. Akuti mwini dzina afike yekha, adinde chala. Akapanda kufika, thumba lake lipita kwa wina. Ndikukudziwani, achemwali. Munena kuti iyayi, bola kudya nyika kusiyana n'kukaima pamaso pa anthu amene akudziwa kuti mayi uyu alibe chodzamukulungira. Adzakuyang'anani ndithu, ena adzanong'onezana, sindingakunamizeni. Koma ana aja m'mimba mwayamba kutupa, ndinaona ndi maso anga. Pitani. Dalesi akugwireni dzanja, ngati miyendo ikukana mupemphe njinga. Mukabwerako, muwapungulireko a Japhet m'lichero.

Mmodzi wa amalondawo wandiuza kuti akufuna kukugulirani sanda ina. Sindinavomere, sindinakane. Ndalankhula kale zambiri m'malo mwanu. Zimenezo muyankhe nokha.

Kukwiya mundikwiyire, ndalakwa. Koma mukwiye mutadya.

Moni kwa alamu aang'ono ndi banja lawo, kwa azakhali a kutsidya ngati akumvabe, kwa amuna ake a Dalesi, ndi kwa adzukulu onse atatu. Kwa a Japhet ndi akazi awo mundiperekere pepani wa maliro aja.

Pa Idi sindibwera. Ndikhala konkuno kufikira mutandiitana nokha.

Ndine mlongo wanu,
Shukuru Sabiti