Miyezi inayi ya Tadala

Lachinayi, Julayi, kunyumba ku South B. Tsiku londipsetsa mtima.

M'mawa ndinaperekeza Tadala, mwana wa achimwene anga, ku Kitengela, kunja kwa mzinda, kumene amachitira masewera ake. Akukonzekera mpikisano wa atsikana othamanga pa chipale chofewa ku Ulaya. Poti kuno chipalecho kulibe, amathamanga paphula atavala timatabwa tamatayala, ndodo ziwiri m'manja. Maola awiri osapuma. Pomaliza milomo inali itayera, koma anangodya nthochi imodzi. Iye akuti thupi likapepuka amakwera mitunda msanga.

Tili m'matatu, minibasi ya kuno, pobwerera ndinamufunsa monong'ona za kumwezi. Anayang'ana pawindo. "Azakhali, yatha miyezi inayi."

Miyezi inayi! Masana ndinamukokera kuchipatala. Mimba alibe. Adokotala akuti thupi likamagwira ntchito yoposa chakudya chimene likulandira limayamba kutseka zina monga kumwezi, ndipo mafupa amafooka mpaka kuthyoka munthu osagwa n'komwe.

Chondipweteka n'chakuti aphunzitsi ake a masewerawo, omwe ndi aamuna, amamutumizira fomu mlungu uliwonse, funso limeneli lilimo. Iye amangochonga kuti zonse zili bwino. Nditamukalipira anandiyankha mosakweza mawu: "Nkhani zimenezi ndingauze mwamuna? Si inu munandilangiza kuti siziuzidwa?"

Ndine ndithu, tsiku lomwe anatha msinkhu ku Zomba, ndipo ndinachita kubwereza kawiri.

Ndamuphikira mpunga wa nyemba, wadya theka. Mawa aphunzitsiwo ndiwaimbira ndekha. Sindikudziwa kuti ndiyamba ndi mawu ati, koma atuluka pakamwa pomwepa pamene panamutseka mwanayu.