Mpunga wa NyaGondwe

Lachitatu, 14 Ogasiti 1991. Lero kwazizira ndi mwera. Ku ofesi ya zaulimi tinalipo atatu: ine, a kalaliki, ndi mwana wanga Tiwonge amene wabwera kutchuthi kuchokera ku koleji.

Tiwonge akuwalembera a kalaliki pulogalamu ya pakompyuta yosunga kaundula wa mbewu za alimi a kuno ku Hara. Akuti m'chilankhulo cha kompyutacho chinthu chilichonse chimakhala ndi mtundu wake. Pamwamba pali mbewu, pansi pake mpunga, pansi pa mpunga faya ndi kilombero. M'pulogalamumo nkhokwe walemba imodzi yokha yotheka kusunga mbewu iliyonse, koma ukangonena kuti iyi ndi ya mpunga, chimanga imachikana pulogalamu isanayambe n'komwe.

Ndinamupempha ayese mpunga wofiira uja amayi ake, malemu NyaGondwe, anabwera nawo kuchokera ku Vinthukutu atamanga pansalu, chaka chimene tinakwatirana. Kompyuta inaukana. A kalaliki anaseka. "Mwaona, a Mhango? Wopanda mtundu sulowa. Chaka chamawa sitiusunganso."

Ndinangokumbukira mmene NyaGondwe ankaupetera pakhonde akuimba, fungo lake likufika mpaka kumsewu.

"Adada, dzina lake n'chiyani?" anafunsa Tiwonge.

Ndinati ulibe dzina, tinkangoti wa amayi ako. Iye analemba mizere ingapo, n'kuuika pansi pa mpunga, pambali pa faya. Anautcha NyaGondwe. Nkhokwe ija inaulandira, a kalaliki n'kungokanda kumutu.

Mbewu yake yatsala chitini chimodzi. Mawa ndiviika yochepa, ndione ngati idakali yomera.