Woyera wa pachitenje

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko? Ine kuno ku Perth, kutsidya kwa nyanja, thupi lili bwino, koma mutu wazungulira. Tandiuzeni, anaika ndani lamulo loti woyera aliyense azijambulidwa atagwada, maso kumwamba, manja pachifuwa?

Ndiyambe za kwathu. Alamu anu aang'ono anachira bondo lija. Kwa achimwene a Fabiano kwabadwa mwana wamkazi, mphuno yake yanu yeniyeni. Chimanga ku Mtakataka sichinachite bwino, mtedza ndiye wawapulumutsa. Ine digiri ya zojambula ndinamaliza, ija munkati ndi ya anthu oopa khasu. Ntchito yake sindinaipeze. Ndikunyamula makatoni a tomato kumsika wa ku Canning Vale, mtima uli phaphapha kufuna kuchokako.

Tsono amayi a kutchalitchi kwathu kuno ku Mirrabooka akufuna chitenje cha gulu lawo, ndipo andipatsa ine kuti ndijambule. Akachikonda, magulu ena adzandifuna. Akachikana, ndibwerera ku tomato. Woyera wake ndi wanu uja wa ku France, mtsikana amene anatsogolera asilikali kunkhondo, kenako adani n'kumuwotcha. Chithunzi chake munachipachika pamwamba pa wailesi: tsitsi lalitali, siketi mpaka kumapazi.

Nditafufuza ndasokonezeka. Ena anamujambula ali pahatchi, atameta ngati mnyamata, thupi lonse zitsulo. Ena anamujambula akuweta nkhosa. Ena, akulira pamoto. Ngakhale mlembi amene anamujambula iye akadali moyo anali asanamuonepo, anangomuveka diresi ya m'mutu mwake. Ndiye wanu uja ndi uti? Komanso akuti china chimene anamuphera ndi kuvala zachimuna. Amayi, inu munandibweza pakhomo la tchalitchi chifukwa cha buluku, madzulo ake n'kukagwadira iyeyu. Munkadziwa?

Ndinamujambula ali pahatchi, wamkulu, pakatikati pa nsalu. Ndinapita kumsonkhano nditakonzekera ndewu ya buluku. Mayi Zulu, apampando, a ku Chipata aja, bulukulo sanalitchule n'komwe. Anangotenga pepala langa, kulizunguliza m'chiuno, n'kutembenuka. Nkhope ya woyera inagwera pamatako penipeni. Anandifunsa ngati ku yunivesite anatiphunzitsa kuti anthu azikhalira oyera pa Misa. Amayi onse anafa nacho chiseko. Zaka zitatu za sukulu, Amayi, osakumbuka kuti chitenje si chikwangwani! Munkanena inu kuti wothamanga saona chitsa.

Dzulo ndavala shiti ya pabedi ngati chitenje, ndakhala pampando, ndalemba ndi choko malo onse okhalira. Woyerayo ndamuchepetsa, ndamuika m'mphepete mwa m'munsi, mahatchi akutsatana kuzungulira nsalu yonse. Za nkhope ndalephera kusankha, ndamujambula chakumbali, chisoti chachitsulo chitamuphimba. M'mawa uno ndatumiza kwa Mayi Zulu, sanayankhebe.

Ndimakukondani. Achivomere kapena achikane, chimodzi ndidzasindikiza ndekha, ndidzachivala pobwera kudzamanga chiliza chanu.

Ndine mwana wanu,
Agnesi