Chipinda Chimene Anandimangira

Lolemba, 4 Ogasiti

Mwana wanga wandigulira kabuku aka. Akuti, "Ababa, mawu akakuchulukirani muzithira umu, ine makutu amakhala atatopa kale ndi odwala." Chabwino anamwino, tizithira. Kulemba kwanga n'kwa nkhuku yopalasa, poti sukulu sindinaipondeko. Zilembo ndinachita kuba pa mabasi, wolemba zikwangwani akundithamangitsa kuti ndamutchingira dzuwa.

Lero anditengera kukaona chipinda. Paja panali depoti yakale, shedi yathu ya malata, mabenchi ndi ngalande yonunkha ija, pano pamera chinyumba cha magalasi, akuti nyumba ya zaluso. Pansi ovina, pamwamba zithunzi, ndipo m'mimba mwake mwenimweni chipinda cha nthano. Akuti changa. Eti changa!

Wanditsogolera ndi Mayi Mapulani mwini wake, amene anajambula nyumba yonseyi. Ndi kamtsikana kaja kankaima kumbuyo kwa shedi ndi yunifolomu ya sukulu, kuphonya basi dala kuti kamve mathero. Lero kakuloza chala amuna a ndevu iwo n'kumathamanga.

Chipinda chozungulira ngati mkati mwa mphika. Makoma anawaveka matabwa oboolaboola, pansi kapeti yomiza phazi. Zenera mulibe. Chitseko chonenepa ngati matiresi, chimadzitseka chokha pang'onopang'ono, fuuu, mzinda wonse n'kuthera pomwepo.

Anati, "Agogo, tamverani." Ndinatchera khutu. "Mukumva chiyani?" Ndinati palibe. Iye kuomba m'manja, "Ndi zimenezotu!" misozi ili lengelenge. Ndinamuthokoza kwambiri. Kutsegulira ndi Loweruka la sabata yamawa, ndipo woyamba kulankhula muja ndine.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Chikepe chafanso. Chigwetsereni nyumba zathu za kuseri kwa depoti anatiika kuno kumwamba m'nyumba yosanja, ndipo mawondo anga ndi masitepe sagwirizana. Ndaswera pa zenera. Nalo limangotseguka polowa dzanja basi. Anthu pansipo akuyenda, pakamwa pakugwedezeka, mawu osafika.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Kuyeserera koyamba. Ndilembe bwinobwino, mwina ndimvetsa.

Ine pa depoti sindinayambepo nthano ndi nthano. Ndinkayamba ndi kunyanyala. Kukhala pa benchi, kupukuta nkhope, ndiye: "Ine lero sindinena kanthu. Phokoso ili, fumbi ili, anthu ake osamva ngati inuyo, ndidzivutitsirenji?" Pamenepo Wazidebe, mmisiri amene ankakhoma malata pambali panga, ankaimitsa hamala n'kukuwa, "Khalani chete kumene, tipumeko!" Mayi wa mazira owiritsa, "Zamuthera ameneyu, za dzulo zinali zomaliza." Ine magazi n'kuwira. "Zandithera? Ndani zamuthera?" Basi nthano yatuluka yokha, ine kumangoithamangira pambuyo. Ndipo maso anga ankakhala pa mapazi. Phazi likaloza ku basi, ndaphapo munthu m'nthanomo kapena ndatsegula chitseko choletsedwa, phazi lija n'kubwerera.

Lero anasonkhanitsa ogwira ntchito m'nyumbamo, nawakhazika m'mizere. Chitseko fuuu. Magetsi onse pa ine, iwo mu mdima. Mapazi osaoneka, nkhope zosaoneka.

Ndinati, "Ine lero sindinena kanthu. Muno mukuzizira ngati mosungira maliro."

Wamakiyi, bwana woyang'anira nyumbayi, anadzuka chothamanga kukazimitsa makina a mphepo.

Ndinati, "Ndiponso magetsi awa akundithobwa m'maso." Anachepetsa.

"Kukhosi kwauma." Madzi anabwera, pa mbale, ndi kansalu.

Kenako zii. Anthu akudikira mwaulemu. Ndinamva m'mimba mwa munthu mukulira mzere wakumbuyo. Ndinasakasaka nthano m'mutu, zonse zili momwemo, ndikuziona, koma zakhala pansi ngati mbuzi zokana kutuluka m'khola. Wamakiyi anati agogo atopa, tiyesenso tsiku lina. Anandiombera m'manja. Kuombera chiyani?

Lachisanu, 8 Ogasiti

Ndinafunsa Mayi Mapulani mozungulira, kuti mwanawe, nzeru yomanga chonchi unaitenga kuti? Anaseka, natulutsa foni. Kumeneko ndinamva mawu anga, tsiku lija anabwera ku shedi asanagwetse, kudzafunsa aliyense chimene akufuna m'nyumba yatsopano. Ine ndinaona anthu andizungulira, ndinaona kachojambulira mawu, ndiye ndinayamba monga mwa masiku onse: phokoso, fumbi, mvula pa malata, dzuwa, anthu onyamuka nthano ili pakati.

Iye ankamvetsera akupinda zala. "Phokoso ndinachotsa. Mvula simudzaimvanso. Mipando ndinaithinanitsa kuti munthu asamangodzukadzuka, ndipo mukayamba chitseko sichitsegulidwa mpaka mutamaliza. Agogo, ndili mwana zinkandipweteka anthu akamakunyozani. Ndinalumbira."

Anandiuzanso kuti akuluakulu a mzinda ankafuna pamenepa pakhale sitolo ya khofi. Anakangana nawo mpaka kutsala pang'ono kumuchotsa ntchito.

Ndiye ndikanati chiyani? Ndinati wagwira ntchito mwanawe.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Chikepe chadzuka. Ndinakakamiza mwana wanga kuti andiperekeze ku msika watsopano, kunja kwa mzinda, kumene anasamutsira anthu a pa depoti. Maganizo anga anali oti ndikamutenge Wazidebe, Loweruka adzakhale kutsogolo adzandinyoze bwinobwino.

Msika wake waukhondo, mizere yowongoka, ogula ochepa. Tinamupeza atakhala pakati pa zidebe za pulasitiki. Hamala analetsa, akuti phokoso. Atandiona anaimirira, navula chipewa. Wazidebe kuvulira ine chipewa!

"Bwana, tamva. Akuti akumangirani holo."

Ndinati, "Iwe galu wokalamba, bwana wako ndani?"

Anangomwetulira, napukuta mpando ndi malaya kuti ndikhale. Ndinamuputa, ndinanyoza mphuno yake, ndinanyoza zidebe zake zodontha zija. Iye, "Ee, n'zoona bwana." Za Loweruka anati alibe jekete yolowera malo otero. Kenako chapansipansi anafunsa ngati kunyumba ya magalasiko sakufuna munthu wokonza mipope ya madzi a mvula. Ndinati ndikafunsa.

Pobwerera m'basi ndinali chete, mpaka mwana wanga anandigwira pachipumi. Ndinamufotokozera zonse. Anati, "Ndiye mukufuna anthu azikutukwanani? Akulu inu simuyamika. Moyo wonse kudandaula za fumbi, lero akupatsani kapeti."

Kenako anati, "Ine shedi ija ndinkadana nayo. Amayi ankandituma kudzakuitanani chakudya chisanazizire. Ndikaima paja, anzanga a kusukulu akuona bambo anga akunyozedwa ndi ogulitsa mazira. Ndikati ndizipita, inu mwayamba zina, ine n'kuimanso. Kufika kunyumba tonse awiri kukalipiridwa."

Ndikukumbuka. Kaphazi kake kankagunda pansi, gu gu gu, nkhope atakwinya ngati malemu mayi ake. Pa mapazi onse a pa depoti, kovuta kubweza kanali kameneko.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Kuyeserera kwachiwiri. Ndinayesa kulowa m'nthano mwachindunji, popanda kunyanyala. Mawu anatuluka, inde, koma ngati munthu akuwerenga mayina a mankhwala. Pakati ndinaiwala kuti mkazi wa mmisiri wa maloko wa m'nthanomo ndamusiya pati. Ndinaima. Palibe anandikumbutsa. Pa depoti akanakuwa anthu khumi.

Wamakiyi ananditengera pambali. Munthu wabwino, thukuta lili kamukamu. Akuti kubwera akuluakulu, sangaike nyumba pa chiswe. Loweruka ndikakanika, adzandikhazika pa mpando paja ndi jekete, n'kutsegula masipika. Ali ndi nthano zanga zimene anajambula ku shedi, ndipo akatswiri anazitsuka, phokoso lonse anachotsa. Zikayenda bwino, azidzatero masiku onse, ine osavutikanso kutsika masitepe.

Anatsegula masipikawo kuti ndimve. Mawu ndi angadi, oyera ngati madzi a m'botolo. Koma munthuyo ndi wamisala. Akuseka yekha. Akuti "Unene kachiwiri!" palibe wanena kanthu. Akuti "Khala pansi iwe, basi ija si yako," kuuza mpweya. Pamene panali hamala ya Wazidebe pali mabowo.

Ndinapempha kuti azimitse.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Sindinatuluke. Sindinalankhule. Mwana wanga wafunsa kawiri ngati ndamwa mankhwala.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndinalimba mtima, ndinamuuza Mayi Mapulani. Osati zonse. Ndinangoti mwanawe, kunyoza kuja kunali nkhuni zanga, popanda kuja moto suyaka. Anandiyang'ana. Kenako anayang'ana makoma ake. Anati, "Ndiye chimene ndinkabwerera ine ku shedi kuja chinali chiyani?" Sankafunsa ine.

Ndinapempha kuti chitseko chizikhala chotsegula. Wamakiyi anakana, akuti moyang'anana ndi chitsekocho muli khomo la kumsewu, malole ndi ogulitsa adzamveka, akuluakulu adzati nyumba inamangidwa molakwika.

Ndiye anagwirizana zoti mlonda wa pakhomo azindinyoza. Anamuphunzitsa mawu. Ndinakhala pa mpando, ndinati ine lero sindinena kanthu. Mlonda anaimirira mu mdima, anatsokomola, nati, "Pepani agogo, akuti mulibe nthano. Pepani kwambiri."

Tinaseka tonse mpaka Wamakiyi anagwira khoma. Kuseka kutatha, zii uja anabwerera pamalo pake. Mayi Mapulani sanaseke nawo.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Jekete yasitidwa, yapachikidwa pa chitseko, ikundiyang'ana ngati munthu wopanda mutu. Mawa ndikhala m'kati mwake, masipika azilankhula.

Mwana wanga wasinthana ntchito ndi mnzake kuti adzakhalepo. Ndinati usavutike. Anati, "Ndinaonera akukunyozani, ndionereko akukulemekezani. Koma ababa, musakandichititse manyazi."

Loweruka, 16 Ogasiti

Ndilemba dzuwa lisanalowe.

Anadula riboni, analankhula ataliatali, kenako onse m'chipinda muja. Mafuta onunkhira okhaokha. Chitseko fuuu. Wamakiyi anaima pakona, chala chili pa batani la masipika. Tinapangana kuti ndikakhala chete nthawi yaitali, iye adina.

Ndinapukuta nkhope. Pakamwa panangotuluka zakale zomwe zija, poti zina ndilibe. "Ine lero sindinena kanthu. Chipinda ichi, mdima uwu, anthu ake ongokhala duu ngati inuyo, ndidzivutitsirenji?"

Zii. Wina anakonza tayi, ndinamva. Ndinaona chigongono cha Wamakiyi chikukwera.

Mpando unalira, phaa, kumbuyo.

"Ababa, ngati zakutherani nenani, tizipita. Ena tili ndi odwala."

Anthu anapuma mokweza onse pamodzi. Ndinamva mwana wanga akudutsa m'mizere yothina ija, akuponda nsapato za akuluakulu, wina akuti aa aa mayi, iye osapepesa. Anakankha chitseko ndi phewa. Kuwala kunagwera mkati, pamodzi ndi hutala ya lole, wogulitsa malalanje, mwana wolira, zonse. Ndipo m'kuwalamo ndinaona phazi. Laloza kunja.

Magazi anawira.

"Zandithera? Iwe, ndinakusambitsa ndine, ukuti zandithera? Pita! Pita, usamve chimene mkazi wa mmisiri wa maloko anapeza m'chipinda chimene mwamuna wake anachikhoma ndi loko wopanda kiyi!"

Phazi linaima.

"Munanena kale imeneyo. Anapeza njoka."

"Njoka inali ya chaka chija! Uyu anapeza nsapato zake zomwe, zonyowa ndi matope, pamene iye sanatulukemo m'nyumba chikwatiwire!"

Bambo wina wonenepa mzere wakutsogolo anaiwala ulemu, anati, "Aa, bodza!" Ndinamutembenukira. Kuyambira pamenepo sindikudziwa bwino, ndinali kuthamangira pambuyo.

Chimene ndinaona ndi ichi. Mwana wanga anali atagwira chitseko ndi msana, chikumukankha kuti chitseke. Wamakiyi ankamukodola kuti alowe kapena atuluke. Mayi Mapulani anadzuka pakati pa akuluakulu, anayenda kukafika paja, anavula nsapato yake imodzi, yatsopano, yosongoka, naikhomerera pansi pa chitseko ndi chidendene. Anabwerera kumpando akutsimphina.

Chitseko chinagwira. Mwana wanga akanatha kukhala pansi tsopano, kapena kupita kwa odwala ake. Sindinamufunse kuti ankafuna ziti. Anangoima pomwepo, chikwama m'khwapa, nkhope atakwinya, phazi limodzi kunja, lina mkati likugunda pansi, gu gu gu.