Envulopu Yopanda Dzina

14 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Bambo akupezako bwino, koma dzanja lamanja likunjenjemerabe, moti ine ndasanduka mlembi wawo.

Mukuikumbukira kabati yawo ya ndakatulo ija, imene ankatiletsa kuigwira ndi manja amafuta? Ikadalipo, ndipo chitseko chake chimalirabe. Maenvulopu aja ali m'malo mwake, iliyonse ndi dzina lake: zotamanda, zachikondi, zolangiza, zodzudzula, zotonthozera mwana, zamaliro. Paja ankati ndakatulo yopanda mtundu ndi kalata yopanda keyala.

Pali chinthu chimene ndakubisirani kwa zaka khumi ndi chimodzi. Chichokereni pakhomo pano, mutakangana nawo za ukwati wanu, Bambo akhala akulemba ndakatulo ya inu chaka chilichonse pa tsiku lanu lobadwa. Zonsezo ankaziika mu envulopu ya zamaliro, pamodzi ndi za malemu Mayi. Ine ndinkaziona. N'chifukwa chake mukandifunsa pafoni ngati amakutchulani, ndinkangoyamba kukamba za mvula. Mundikhululukire.

Lachiwiri lapitali anandiuza kuti ndiwawerengere. Nditafika pa yachitatu, yonena za mmene munkatsukira mbale buku mutalitsamiritsa pawindo, anandidula.

"Iwe, chotsamo zimenezo."

"Ndiziike kuti, Bambo? Mwa zodzudzula?"

"Loya ameneyo ungamudzudzule? Angakuyankhe ndime makumi awiri."

"Nanga mwa zotamanda?"

"Angayambe matama."

"Zotonthozera mwana?"

"Mwana wake uti? Pano ali ndi imvi ameneyo."

Ine ndinaseka, koma iwo maso anali pakabati. Kenako anati, "Yamaliro timalembera munthu amene sangayankhe. Ndinaphonya mtundu. Ine mphunzitsi wathunthu, amene ndinkadula ana a eni malikisi pa zomwezi!"

Anandituma kukagula envulopu yatsopano, tinaikamo zonse khumi ndi imodzi. Nditatenga cholembera kuti ndilembepo dzina, anandigwira mkono.

"Siya. Mwiniwake adzalemba yekha. Palibe chimene ndinachitchapo dzina iye osatsutsa."

Achemwali, sananene kuti ndikuitaneni, inunso mukuwadziwa. Koma envulopuyo akana kuti ilowe m'kabati. Ili patebulo, kumbali imene munkakhala inu, ndipo aliyense akafuna kupukuta fumbi amamuuza kuti alambalale. Wopempha ndine: bwerani sukulu zikatsekera. Ngati n'kukangana, mudzakanganire pompano, ine ndidzakhala wowiritsa madzi.

Mupereke moni kwa ana. Mupereke moni kwa alamu, ndipo mundiuze ngati amathira shuga mu tiyi. Funso limeneli si langa. Dzulo munthu wina wake anandifunsa akunamizira kupukuta magalasi.

Cholembera chili pamwamba pa envulopu, ndipo ndachiyesa, chikulemba.

Ndine mlongo wanu,
Mlembi wa Bambo