Vidiyo ya Mwila yapita ndi hadi dilaivi

Lachinayi. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima suli m'malo.

Hadi dilaivi yanga yosungiramo mavidiyo yafa. Ikungolira kuti tiki tiki, osatseguka. M'menemo ndi momwe munali vidiyo ya Mwila wa ku Chelstone, imene ndinajambula tsiku lija akwawo anakapereka zakudya kwa mwamuna wake.

Ndinaigula nditawerenga pa intaneti manambala osonyeza kuti za mtundu umenewu sizifa wamba. Manambalawo ndinawakhulupirira mpaka kufufuta zonse pakadi ya kamera, osasunga pena.

Ndapita nayo kwa ba Chanda, okonza makompyuta pafupi ndi City Market. Aiika pakhutu, n'kundiyang'ana.

"Ba Tembo, zija anawelenga a pa intaneti zimankhala m'chipinda chozizila, malaiti sazima. Yanu imakwela minibasi m'chola. Anaiwelengako ndani?"

Andibwezera, akuti singakonzeke. Zimenezi ndinkazidziwa ine, koma ndinkafuna manambala avomereze ulesi wanga.

Mwila waimba kawiri, sindinayankhe. Kenako watumiza uthenga: "Ba ankolo, musavutike na vonse. Nifuna chabe paja amami anavina."

Mayi akewo anaikidwa m'manda sabata yatha.

Izi si zonena pafoni. Mawa ndikwera minibasi ya ku Chelstone. Koma akadzanditsegulira geti akumwetulira, ine ndiyambire pati...